Kodi Mwana ndi wofanana ndi Atate? Funso la pa Yohane 14:28

Nachisale:
Moni nonse abale ndi alongo. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo. Mlamu wanga ndi wa Mboni za Yehova, ndipo Loweruka tili pa chinkhoswe anandikokera pambali n'kunditsegulira Yohane 14:28, pamene Yesu akunena kuti Atate ndi wamkulu kuposa iye. Kenako anandifunsa kuti, "Ngati mwini wakeyo akutero, inu a Utatu mukutsutsana naye bwanji?" Ine ndinabatizidwa m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, kalasi ndinalowa, katekisma ndinaloweza, koma pakamwa panauma. Sindikufuna kukangana ndi alamu anga. Ndikungofuna kudziwa bwino chomwe ndimakhulupirira. Amene mumawadziwa Malemba ndithandizeni.

Gogo Mwale:
Mwanangu, vesilo musaliope, ndi mawu a Ambuye ndipo ndi oona. Tsegulani Afilipi 2:6-8. Paulo akunena kuti Khristu anali ndi maonekedwe a Mulungu, koma anadzikhuthula, natenga maonekedwe a kapolo, nadzichepetsa mpaka imfa ya pa mtanda. Amene akulankhula pa Yohane 14 ndi ameneyo, usiku womwe anaperekedwa, atangomaliza kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Wamva njala, watopa, mawa lake akukafa. Pamenepo Atate ndi wamkuludi. Koma Yohane yemweyo ndi amene analemba kuti Mawu anali Mulungu, ndipo ndi yemweyonso analemba za Tomasi akunena kwa Yesu kuti "Ambuye wanga ndi Mulungu wanga." Yesu sanamudzudzule. Munthu mmodzi analemba zonsezi, ndiye tiziwerengere pamodzi.

Bambo a Madalitso:
Zikomo agogo. Ine ndine wa Mboni, ndipo ndikupempha kuti ndiyankhe mwaulemu. Mukunena kuti Atate anali wamkulu chifukwa Yesu anali padziko. Nanga atauka? Pa Yohane 20:17, manda ali pululu, akuuza Mariya kuti akukwera kwa Mulungu wake ndi Mulungu wathu. Pa Chivumbulutso 3:12 ali kale kumwamba, koma mawu oti "Mulungu wanga" akuwatchula kanayi m'vesi limodzi. Pa 1 Akorinto 11:3, mutu wa Khristu ndi Mulungu. Pa 1 Akorinto 15:28, zonse zikadzatha, Mwana adzagonjera amene anamugonjetsera zonse. Kodi Wamphamvuyonse angakhale ndi Mulungu wake? Ife Yesu timamukonda, ndi Mfumu yathu komanso Mpulumutsi wathu. Koma timamuika pamene anadziika yekha.

Nachisale:
Eeh, ameneyu akulankhula ngati mlamu wanga ndithu, mavesi ake omwewa.

Gogo Mwale:
A bambo a Madalitso, mwalankhula bwino ndipo mavesi anuwo ndikuwalandira onse. Ndiwonjezere ziwiri. Choyamba, Yesu atauka sanavule umunthu ngati malaya. Anaonetsa Tomasi zipsera, anadya nsomba yootcha, ndipo Paulo pa 1 Timoteo 2:5 akumutchabe "munthu, Khristu Yesu." Monga munthu weniweni, ali ndi Mulungu wake mpaka lero. Chachiwiri, mpingo sunaphunzitsepo kuti Mwana ndi Atate alibe dongosolo pakati pawo. Atate amatuma, Mwana amatumidwa. Atate sachokera kwa wina, Mwana ndi wobadwa kwa Atate.

Koma taganizani izi. Mmisiri wa matabwa akapala mpando, mpandowo ndi ntchito ya manja ake, si munthu. Mmisiri yemweyo akabereka mwana, mwanayo ndi munthu ngati iye mwini. Mwanayo amagwada popereka madzi, amatumidwa ku chigayo, amamvera, koma umunthu wake suchepa ndi pang'ono pomwe. Funso lonse la nkhani ino lagona pamenepa: kodi Yesu ndi wopangidwa kapena wobadwa? Ngati ndi wobadwa kwa Mulungu, chomwe Atate ali ndi chomwenso iye ali.

Bambo a Madalitso:
Chitsanzo chanucho agogo chikuthandiza ine. Palibe mwana wofanana zaka ndi bambo ake. Bambo amayamba kukhalapo, mwana n'kubwera pambuyo. Akolose 1:15 akuti Yesu ndi woyamba kubadwa wa chilengedwe chonse. Miyambo 8:22 ikunena za nzeru yomwe Yehova anali nayo poyamba pa njira zake. Chivumbulutso 3:14 chikumutcha chiyambi cha chilengedwe cha Mulungu. Ife timati Yehova analenga Mwana yekha mwachindunji, ndipo kudzera mwa Mwanayo analenga zina zonse.

A Mbewe (Johannesburg):
Moni a m'gulu, ndalowa mochedwa, ndangoweruka kumene. Zomwe alemba bambo a Madalitsozi zili ndi zaka 1,700, ndipo zinayambira mu Africa mommuno. Cha m'ma 318 mumzinda wa Alexandria ku Egypt munali wansembe wina dzina lake Arius, wochokera ku Libya. Ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa zinthu zonse zisanakhalepo, kuti ndi wapamwamba kuposa cholengedwa chilichonse, koma kuti inalipo nthawi yomwe iye kunalibe. Vesi lomwe ankalikonda kwambiri ndi Miyambo 8:22 yomweyo. Anali wodziwa kulankhula, ndipo chiphunzitso chake anachiika m'nyimbo zomwe anthu wamba ankaimba. Bishopu wake, Alexander, anamutsutsa, ndipo mkangano unafalikira m'mipingo yonse ya kum'mawa.

Mu 325 mfumu Constantine anaitanitsa mabishopu ku Nicaea, komwe lero kumatchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Anasonkhana pafupifupi 300. Kumeneko ndi komwe kunachokera mawu omwe timanena pa Misa Lamulungu, oti Mwana ndi Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, wobadwa osati wolengedwa. Mabishopu awiri okha, onse a ku Libya, ndi amene anakana kusaina, ndipo anathamangitsidwa limodzi ndi Arius.

Yankho la Athanasius, yemwe pa nthawiyo anali dikoni wa Alexander, linali loti ubambo wa Mulungu si wa nthawi ngati wathu. Ife timakhala kaye anyamata kenako n'kudzakhala abambo. Mulungu sasintha. Ngati ndi Atate, wakhala Atate kuyambira muyaya, ndiye kuti Mwana wakhalaponso kuyambira muyaya. Ndipo ngati Khristu ndi Nzeru ya Mulungu monga 1 Akorinto 1:24 akunenera, kodi inalipo nthawi yomwe Mulungu analibe nzeru yake?

Bambo a Madalitso:
A Mbewe mwachita bwino kuitchula mbiriyi. Onani amene anaitanitsa msonkhanowo: mfumu ya Roma yomwe inali isanabatizidwe n'komwe, yomwe inkafuna kuti ufumu wake usagawanike. Mawu omwe anamangirapo chikhulupirirocho, homoousios, achigiriki otanthauza kuti Mwana ndi Atate ali ndi umulungu umodzi, mulibe m'Baibulo. Mawu oti Utatu mulibenso. Ndipo ku Nicaea za Mzimu Woyera anangotchula kamzere kamodzi. Zinatenga mpaka 381 ku Constantinople kuti azimalize. Chiphunzitso chomwe atumwi anasiya chingatenge zaka zoposa 300 kuti chidziwike?

A Mbewe (Johannesburg):
Zambiri mwa zomwe mwanenazo ndi zoona ndipo sindizibisa. Constantine ankafunadi mtendere wa ufumu wake, ndipo mawu aja mulibedi m'Baibulo. Ndivomerezenso kuti olemba ena oyambirira, monga Origen ndi Tertullian, nthawi zina ankalankhula ngati Mwana ndi wotsikirapo. Koma nkhani yoti mfumu ndi imene inapanga Yesu kukhala Mulungu siyenda, chifukwa cha zomwe zinachitika pambuyo pake.

Constantine yemweyo anatembenuka. Mu 335 anathamangitsa Athanasius kupita ku Trier, kutali kwambiri ndi kwawo. Pomwalira mu 337 anabatizidwa ndi Eusebius wa ku Nicomedia, mnzake wa Arius. Constantius, mwana wa Constantine, anatsamira mbali ya otsutsa Nicaea ndipo anakakamiza mabishopu kuti asaine zikhulupiriro zina. Athanasius anapirikitsidwa kasanu, nthawi zina akubisala m'chipululu kwa amonke. Lupanga la mfumu kwa zaka zambiri linali kumbali inayo. Chikhulupiriro cha Nicaea chikanakhala kuti chikudalira mafumu, chikanafa pa nthawi imeneyo.

Komanso ambiri mwa mabishopu omwe anafika ku Nicaea anali atadutsa m'chizunzo chachikulu cha mfumu Diocletian chomwe chinayamba mu 303. Anthu omwe anakana kufukiza lubani kwa mafano si anthu oti akanalandira mulungu watsopano chifukwa mfumu yalamula.

Bwererani m'mbuyo kwambiri. Cha m'ma 110 Ignatius wa ku Antioch, ali pa ulendo wokaphedwa ku Rome, ankalemba makalata momutchula Yesu Khristu kuti Mulungu wathu. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wachiroma Pliny, yemwe sanali Mkhristu, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana kusanache n'kumaimbira Khristu nyimbo ngati kwa mulungu. Tertullian wa ku Carthage, ku Tunisia ya lero, analemba za Utatu zaka zoposa 100 Nicaea isanachitike. Msonkhano uja unangoika mpanda pa zomwe anthu ankachita kale popemphera.

Tiyamike:
Pepani akuluakulu, ine ndine mwana pa nkhanizi. Funso langa ndi laling'ono. Ngati Yesu ndi Mulungu, ku Getsemane ankapemphera kwa ndani? Anzanga achisilamu ku koleji amandifunsa zimenezi kawirikawiri.

Mbale Yohane:
Tiyamike, yankho ndi losavuta, koma mipingo inalisokoneza. Mulungu ndi mmodzi, Deuteronomo 6:4. Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maudindo a Mulungu mmodzi yemweyo, ndipo dzina lake ndi Yesu. Yesaya 9:6 akumutcha mwana wobadwayo Atate Wosatha. Filipo atapempha kuti aone Atate, Yesu anati amene waona ine waona Atate. N'chifukwa chake pa Machitidwe 2:38 Petro anauza anthu kuti abatizidwe m'dzina la Yesu Khristu. Ku Getsemane thupi linkapemphera kwa Mzimu womwe unali mkati mwake. A Utatu ali ndi milungu itatu, a Mboni ali ndi waukulu ndi waung'ono, onse asochera.

Gogo Mwale:
Ayi mbale Yohane, pamenepo ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Thupi silipemphera, amapemphera ndi munthu. Pa Yohane 17:5 Yesu akupempha Atate kuti amulemekeze ndi ulemerero womwe anali nawo pamodzi ndi Atatewo dziko lisanakhalepo. Pa vesi 24 akuti Atate anamukonda dziko lisanakhazikike. Dziko lisanakhalepo thupi kunalibe. Nanga ankakondana ndani ndi ndani? Udindo sukonda udindo unzake. Pa Yorodano Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika ngati nkhunda, mawu akuchokera kumwamba. Chiphunzitso chanuchi chinaphunzitsidwapo ndi Sabellius m'zaka za m'ma 200, ndipo mpingo unachikana Arius asanabadwe.

Tiyamike mdzukulu wanga, anzakowo uziwauza kuti Mwana ankapemphera kwa Atate ake. Ife sitinena kuti Yesu ndi Atate. Timati Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu ndi Mulungu, koma Atate si Mwana, ndipo umulungu wawo ndi umodzi wosagawika. Si milungu itatu.

Bambo a Madalitso:
Pa mfundo iyi yokha ndili kumbali ya agogo. Yesu sankadzilankhulira yekha m'munda muja. Ananena kuti chisachitike chifuniro changa koma chanu. Amenewo ndi awiri.

Mbale Yohane:
Ndiye mundionetse malo amodzi m'buku la Machitidwe pamene mtumwi anabatiza potchula maina atatu.

A Mbewe (Johannesburg):
M'Machitidwe mulibe, koma lamulo la Ambuye mwini lili pa Mateyu 28:19, ndipo Didache, kabuku ka malangizo a mpingo kolembedwa chakumapeto kwa nthawi ya atumwi, kamalamula kubatiza m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Luka ponena kuti "m'dzina la Yesu" ankasiyanitsa ubatizo wachikhristu ndi wa Yohane, onani Machitidwe 19:3-5. Koma tisachoke pa funso la amayi Nachisale.

Namaseko (Leeds):
Ndakhala ndikungowerenga. Ine za Chigiriki sindizidziwa, ndine namwino. Koma nkhaniyi kwa ine imafika pa bedi la wodwala. Mayi anga akumwalira kumudzi ku Ntcheu, amayi a chigwirizano atazungulira mphasa, mawu awo omaliza omveka anali oti "Yesu ndilandireni." Anawagwira dzanja mchemwali wanga, milomo itauma, akungobwereza mawu omwewo. Kodi mayi anga analakwitsa adiresi? Stefano akuponyedwa miyala pa Machitidwe 7:59 anafuula chimodzimodzi, Ambuye Yesu landirani mzimu wanga. Myuda wodziwa Malemba ngati Stefano sakanapereka mzimu wake kwa mngelo.

Ichi ndi chomwe chimandigwira. Pa Yesaya 42:8 Yehova akuti ulemerero wake sadzaupereka kwa wina. Pa Chivumbulutso 22:8-9 Yohane anagwa pa mapazi a mngelo, mngeloyo n'kumukaniza kuti usatero, lambira Mulungu. Koma pa chaputala 5 cha buku lomwelo, cholengedwa chilichonse kumwamba, padziko, pansi pa dziko ndi m'nyanja chikupereka chitamando ndi ulemu kwa wokhala pa mpando wachifumu ndi kwa Mwanawankhosa, onse awiri, ndi mawu amodzimodzi. Ngati cholengedwa chilichonse chili kumbali yoimbayo, Mwanawankhosa ali kumbali iti?

Bambo a Madalitso:
Pepani kwambiri mayi ndi imfa ya mayi anu. Ine sindingaweruze mawu a munthu pa mphasa ya imfa, amene amaona mtima ndi Yehova. Stefano anali akuona masomphenya, Yesu ataimirira kudzanja lamanja la Mulungu, ndipo analankhula ndi amene ankamuonayo. Onani kuti anaona awiri, Mulungu ndi Yesu pambali pake. Ulemu womwe Yesu amalandira ndi wopatsidwa. Afilipi 2:9 akuti Mulungu anamukweza n'kumupatsa dzina loposa maina onse, ndipo vesi 11 likumaliza ndi kuti zonsezi ndi zolemekeza Mulungu Atate. Wopatsa ndi wolandira sangafanane. Ndipo Yesu mwini, pa Yohane 17:3, anatcha Atate kuti Mulungu yekha woona.

Chikondi K.:
Musataye nthawi ndi anthu ampatukowa. Akuluakulu a gulu, achotseni basi.

Gogo Mwale:
Iyayi Chikondi, mawu amenewo abweze. Bambo a Madalitso alankhula mwaulemu kuyambira poyamba. Ine ndinaona ndi maso anga zomwe zinawachitikira a Mboni m'dziko muno ataletsedwa mu 1967. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972, ndipo chiletsocho chinadzachotsedwa mu 1993. Ambiri a ife a m'mipingo ikuluikulu tinangokhala chete. Ndimatsutsana nawo pa za Khristu, ndipo nditsutsana nawo mpaka mawa, koma pagulu pano sathamangitsidwa munthu chifukwa chotsegula Baibulo.

Tsopano ku Afilipi 2. A bambo a Madalitso, tsegulani Yesaya 45:22-23. Yehova akuti ine ndine Mulungu, palibenso wina, ndipo akulumbira pa iye mwini kuti bondo lililonse lidzagwadira iye ndipo lilime lililonse lidzalumbira kwa iye. M'chipangano chakale chonse mulibe chaputala chokana milungu ina mwamphamvu kuposa chimenechi. Paulo, Mfarisi wophunzira pa mapazi a Gamaliyeli, anatenga mawu amenewa n'kuwaika pa Yesu. Sanachite mwangozi. Kupatsidwa komwe mukunenako kukubwera pambuyo pa kudzichepetsa kwa pa vesi 7 ndi 8. Anatsika, ndipo Atate anamukweza ali ndi umunthu wathu. Yohane 5:23 akuti onse alemekeze Mwana monga momwe amalemekezera Atate. Monga momwe, osati pang'ono chabe.

Nachisale:
Agogo, nanga Marko 13:32? Pamene akuti za tsikulo sadziwa ngakhale Mwana koma Atate okha. Limenelinso anandionetsa.

Gogo Mwale:
Limenelo ndi vesi lolemera mwanangu, ndipo aliyense wokuuzani kuti ndi lopepuka sanalisinkhesinkhe. Luka 2:52 akuti Yesu ankakula mu nzeru. Munthu sakula m'chinthu chomwe ali nacho kale chonse. Ndiye umunthu womwe anatenga unali weniweni, wophunzira, wofunsa, wotha kusadziwa. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unanena kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, ndipo ziwirizi sizisakanikirana komanso sizilekana. Mmene zimakhalira mkati mwa Ambuye, kudziwa zonse monga Mulungu ndi kusadziwa monga munthu, Malemba sanatifotokozere. Koma taonani mndandanda wa m'vesi lomwelo: anthu, kenako angelo a kumwamba, kenako Mwana, kenako Atate. Mwana waikidwa payekha, pamwamba pa angelo.

A Mbewe (Johannesburg):
Pamenepo ndili ndi funso kwa bambo a Madalitso. Inu mumaphunzitsa kuti Yesu asanabwere padziko anali Mikaeli, mkulu wa angelo. Ahebri 1:5 akufunsa kuti ndi mngelo uti amene Mulungu anamuuzapo kuti iwe ndiwe Mwana wanga. Kenako pa vesi 10 mpaka 12 wolembayo akutenga Salimo 102, pemphero lopita kwa Yehova, lonena kuti inu munaika maziko a dziko, kumwamba ndi ntchito ya manja anu, izo zidzatha koma inu simusintha, n'kunena kuti mawuwa akunena za Mwana. Mumalimva bwanji?

Bambo a Madalitso:
Timalimva mogwirizana ndi vesi 2 la chaputala chomwecho, lomwe likuti Mulungu analenga zinthu kudzera mwa Mwana. Mwini ntchito ndi Yehova, Mwana ndi amene anaigwira, choncho mawu onena za ntchitoyo atha kunenedwa kwa onse awiri. Za Mikaeli timaziona pa 1 Atesalonika 4:16, pamene Ambuye akutsika ndi mawu a mkulu wa angelo. Komanso 1 Akorinto 8:6 akusiyanitsa bwino: zonse zinachokera kwa Atate, zonse zinadzera mwa Ambuye Yesu.

Gogo Mwale:
Kuti zinadzera mwa Mwana, pamenepo tikugwirizana. Koma Yesaya 44:24 akuti Yehova anayala kumwamba yekha, ndipo akufunsa kuti anali nane ndani. Yohane 1:3 akuti popanda Mawu sikunalengedwe kanthu kalikonse kolengedwa. Ngati Yehova analenga yekha, ndipo chilichonse cholengedwa chinadzera mwa Mwana, Mwanayo sangakhale m'gulu la zolengedwazo, chifukwa akanayenera kudzilenga yekha. Za woyamba kubadwa zija, Salimo 89:27 likuti Mulungu adzamuika Davide kukhala woyamba kubadwa, pomwe Davide anali chitsirizira m'nyumba ya Jese. Ndi dzina la ulemu wa mwini cholowa, ndipo Akolose 1:16 akupereka chifukwa chake pomwepo: pakuti mwa iye zinalengedwa zonse. Mawu oti "zina" omwe ali m'Baibulo lanu pa vesi limeneli, m'Chigiriki mulibe. Muwafunse akulu a ku Nyumba ya Ufumu za vesi limeneli, ndipo zomwe akakuyankheni mudzatiuze pagulu pano.

Bambo a Madalitso:
Ndikafufuza ndipo ndidzayankha Lachisanu ndikaweruka. Inunso agogo mundikonzere yankho pa Yohane 17:3, chifukwa limenelo simunalikhudze.